Masamba a katundu m'sitolo yanga ya pa intaneti sakuoneka pa Google: ndiyambire pati?

Mpheta_wa_Malonda
Moni nonse a m'gulu lino. Ndili ndi sitolo ya pa intaneti yogulitsa zikwama, nsapato zoyendera maulendo ataliatali ndi matochi, ndipo ndinaimanga pa WooCommerce, pulogalamu yomangira masitolo a pa intaneti. Munthu akalemba dzina la sitolo yanga pa Google, tsamba loyamba limatuluka bwinobwino, koma akalemba dzina la katundu amene ndikugulitsa, ngakhale atalilemba ndendende monga mmene lilili pa tsamba langa, amangoona masitolo a anthu ena okhaokha. Mafotokozedwe a katundu ndinatenga kwa opanga katunduyo, poganiza kuti iwo ndi amene amamudziwa bwino, ndipo pa tsamba lililonse ndinadzaza meta keywords (mawu osakira obisika m'kati mwa tsamba) monga mmene munthu wina anandilangizira. Tsopano pali kampani ina imene yandilembera kuti ingandigulitse malinki ochokera ku mawebusayiti ambirimbiri, ndipo ikulonjeza kuti ndikwera pa zotsatira za Google m'masiku ochepa. Ndisanatulutse ndalama, ndati ndimve kaye kwa inu amene munadutsamo kale: vuto lingakhale pati, ndipo choyenera kukonza poyamba ndi chiti?

Gologolo77
Musalipire, a Mpheta. Kugula malinki n'kuphwanya malamulo a Google, ndipo chiyambire 2012 pamene inakhazikitsa njira yotchedwa Penguin, malinki otere imangowanyalanyaza, kapena imalanga nawo webusayiti imene yawagula.

Nkhwazi_ya_Seva
A Mpheta, pali mavuto awiri osiyana amene kwa mwini sitolo amaoneka ngati amodzi. Loyamba ndi lakuti Google sinalowetse masamba anu m'kalozera wake, choncho singawaonetse kwa aliyense ngakhale atalembedwa mwaluso chotani. Lachiwiri ndi lakuti masambawo ali m'kalozera ndithu, koma aikidwa kutali kumene ogula safikako. Kuti mudziwe limene lakugwerani, tsegulani akaunti ya Google Search Console, imene ndi yaulere, ndipo mukatsimikizira kuti webusayitiyo ndi yanu, pitani pa lipoti la masamba. Mudzaona chiwerengero cha amene ali m'kalozera, cha amene mulibe, ndi chifukwa chimene chalembedwa pa gulu lililonse. Mukatero tengani adiresi ya katundu mmodzi, muiike pa URL Inspection, ndipo mudzauzidwa tsiku limene Googlebot, pulogalamu ya Google yoyendera ndi kuwerenga masamba, inafika komaliza pa tsambalo komanso adiresi imene Google yasankha kuti ndiyo yeniyeni ya katunduyo. Popeza WooCommerce imayenda pa WordPress, onaninso pa Settings, pansi pa Reading. Pamenepo pali kabokosi kopempha makina osakira kuti asalowetse webusayiti m'kalozera, ndipo omanga mawebusayiti amakachonga ntchito ikadali mkati, nthawi zina n'kuiwala kukachotsa.

Gologolo77
Kabokosi kameneko sikangakhale gwero la vutoli, chifukwa anena kale kuti tsamba loyamba likutuluka.

Nkhwazi_ya_Seva
Mwanena zoona, ndipo ndikuvomereza kuti n'kutheka pang'ono chabe. Komabe noindex, chizindikiro chouza Google kuti isalowetse tsamba m'kalozera, ikhoza kukhala pa masamba a katundu okha, chifukwa mapulagini a SEO, othandiza webusayiti kuoneka pa makina osakira, amalola munthu kubisa mtundu umodzi wa masamba n'kusiya ena. URL Inspection idzaulula zimenezo nthawi yomweyo.

Mpheta_wa_Malonda
Zikomo kwambiri. Ndatsegula Search Console ndipo noindex palibe. Masamba ambiri a katundu ali pansi pa mawu akuti “Crawled - currently not indexed”, ndipo ena ochulukirapo ali pansi pa “Duplicate, Google chose different canonical than user”. Chodabwitsa n'chakuti maadiresi amene Google ikuwadziwa ndi ochuluka kwambiri kuposa katundu amene ndili naye, ndipo ambiri ali ndi chizindikiro cha funso ndi mawu ena kumapeto amene sindinalembe ine.

Njuchi_Yolemba
Uthenga woyambawo ukutanthauza kuti Google inafika, inawerenga tsamba, ndipo inaganiza zosalisunga pakadali pano. Ine ndikuona kuti chifukwa chake chili m'mawu anu oyamba aja, pamene munati mafotokozedwe munatenga kwa opanga katundu. Wopanga chikwama amatumiza ndime imodzimodziyo kwa aliyense wogulitsa chikwamacho, ndipo ndimeyo imapezeka pa webusayiti ya wopangayo, pa masitolo akuluakulu monga Amazon, ndi pa masitolo ang'onoang'ono osawerengeka. Google ikapeza masamba ambiri onena chinthu chimodzi ndi mawu ofanana, siona chifukwa choonetsera onse, ndiye imasankha amene imawadalira kale, ndipo sitolo yatsopano imatsalira kunja.

Chimene chingakusiyanitseni ndi enawo ndi zimene inu mukudziwa chifukwa katunduyo mwamugwira ndi manja anu. Tengani chikwama chimodzi, muchiike pa tebulo, mukhale ndi tepi yoyezera pafupi. Wopanga analemba kuti chimalowa malita 30, koma wogula akufuna kudziwa ngati laputopu ya mainchesi 15 ikulowa m'thumba lakumbuyo popanda kukakamiza, ngati zipi imatsekeka chikwama chikadzaza thothotho, ngati malamba ali ndi siponji yochindikala yoti mapewa asapweteke, komanso ngati botolo la madzi limakhazikika m'kathumba kam'mbali kapena limagwa munthu akawerama. Pa nsapato, ogula amafunsa ngati atenge saizi yawo ya masiku onse kapena yokulirapo, ndiponso ngati ili yotakata mokwanira kwa a phazi lalikulu. Pa tochi, amafuna kudziwa kuti batire limatha liti pa kuwala kwamphamvu, osati pa kuwala kochepetsetsa kumene opanga ena amakonda kutchula. Ngati simukudziwa poyambira, werengani mauthenga amene ogula anakutumizirani asanagule ndi zifukwa zimene ena anabwezera katundu. Funso lililonse limene munayankhapo kangapo liyenera kuyankhidwa pa tsamba lenilenilo.

Fulu_Masipeya
A Njuchi, malangizo anu ndi abwino kwa munthu wa katundu wochepa, koma ine ndimagulitsa masipeya a makina okwana zikwi zingapo, ndipo sindingakhale pansi kulemba nkhani ya beringi iliyonse. Ndiponso tisaopsezane: palibe chilango cha Google chifukwa chongokhala ndi mawu ofanana ndi a masamba ena, ndipo ogwira ntchito ku Google anena zimenezi poyera kambirimbiri. Masamba anga ambiri alibe ndime yaitali, koma amatuluka, chifukwa ogula anga amalemba nambala ya sipeya, ndipo nambalayo ili pa mutu wa tsamba pamodzi ndi mndandanda wa makina amene sipeyayo imagwirizana nawo.

Njuchi_Yolemba
Sindinatchule chilango, a Fulu, ndinati Google imasankha tsamba limodzi pakati pa ofanana, ndipo kwa wosasankhidwa zotsatira zake n'zimodzimodzi. Komanso taonani kuti inu mukuchita zomwe ndikunenazi m'njira yoyenera malonda anu. Mndandanda wa makina ogwirizana ndi sipeya ndiwo funso lalikulu la wogula wanu, ndipo mwaliyankha. Wogula chikwama sabwera ndi nambala m'manja, amabwera ndi chosowa chake. Za kuchuluka kwa katundu ndikugwirizana nanu kuti munthu sangalembe zonse nthawi imodzi. A Mpheta ayambe ndi katundu amene amawabweretsera phindu lalikulu ndi amene Search Console ikuonetsa kuti watsala pang'ono kufika pa tsamba loyamba la zotsatira, enawo azibwera pang'onopang'ono.

Chiwala_Chofiira
Bwanji osangouza ChatGPT kuti ilembe mafotokozedwe onse usiku umodzi? Tsamba lililonse likhala ndi mawu akeake, ndipo nkhani ya kufanana yatheratu.

Njuchi_Yolemba
Mawu adzasiyanadi, koma nkhani yake idzakhala yomwe ija ya wopanga, yongotembenuzidwa. Pulogalamuyo sinagwirepo chikwamacho, ndipo ikasowa chonena imatha kupeka, mwachitsanzo kunena kuti nsalu yake silowa madzi pamene imalowa. Wogula akanyowetsa mabuku ake chifukwa cha mawu amenewo, adzabweza katundu ndi kulemba ndemanga yoipa, ndipo mlandu udzakhala wa mwini sitolo. Mu March 2024 Google inawonjezera pa malamulo ake ndime yoletsa kupanga masamba ochuluka opanda phindu kwa owerenga n'cholinga chongofuna kukwera, ndipo inanena kuti zilibe kanthu kaya alembedwa ndi munthu kapena ndi makina. Kugwiritsa ntchito pulogalamuyo kusanja bwino miyeso ndi mfundo zimene inu mwasonkhanitsa nokha ndi nkhani ina, ndipo pamenepo sindikuonapo cholakwa, bola muwerenge zonse musanaziike.

Kadzidzi_Usiku
Palibe amene wayankha za meta keywords, ndiye ndiyankhe. Google inalengeza mu 2009 kuti siigwiritsa ntchito posanja zotsatira, choncho nthawi imene mukuthera pamenepo ingoipititsani ku mutu wa tsamba, umene ndi mzere umene anthu amadina pa zotsatira. Mutu wabwino wa katundu umayamba ndi chimene chinthucho chili m'mawu amene ogula amagwiritsa ntchito, kenako dzina la wopanga, modelo, ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri zochisiyanitsa ndi zinzake, monga kukula kapena nsalu yake. Dzina la sitolo liikeni kumapeto. Masitolo ambiri amalemba dzina lokongola limene wopanga anapatsa chinthucho popanda kunena kuti ndi chikwama kapena nsapato, ndipo munthu wosalidziwa dzinalo sangalilembe posaka. Google imadula mutu ukatalika kupitirira malo amene ali pa sikirini, ndipo kawirikawiri malowo amakwana zilembo pafupifupi 60, ndiye zofunika kwambiri zikhale kumayambiriro. Dziwaninso kuti Google imasintha mitu imene ikuona kuti ndi yobwerezabwereza kapena yosagwirizana ndi zili m'tsamba. Meta description, mawu achidule amene amaoneka pansi pa mutu pa zotsatira, payokha siikweza tsamba, koma ikalembedwa bwino imakopa munthu kudina, ngakhale kuti nayonso Google imatha kuisiya n'kutenga chiganizo china cha m'tsambamo.

Chiwala_Chofiira
Ndiye mawu amene ndikufuna kutuluka nawo ndiwabwereze kangati pa tsamba?

Kadzidzi_Usiku
Palibe chiwerengero choikika. Akhale pa mutu, pa dzina la katundu, ndi pamene akufunikira mwachibadwa m'mafotokozedwe. Mukawerenga mokweza n'kumva kuti munthu sangayankhule choncho kwa wogula, ndiye kuti mwapyola muyeso.

Nkhwazi_ya_Seva
Ndibwerere ku uthenga wachiwiri umene a Mpheta anaona, chifukwa ngakhale atalemba mafotokozedwe abwino chotani, vuto la maadiresi ochuluka lidzakhalabe. Maadiresi okhala ndi chizindikiro cha funso amabadwa wogula akasankha mtundu, saizi, kapena akasanja katundu kuyambira wotsika mtengo. Kusankha kulikonse kumapanga adiresi yatsopano, ndipo zosefera zikaphatikizana, gulu limodzi la nsapato likhoza kubala maadiresi mazanamazana oonetsa katundu yemweyo. Chida chothetsera zimenezi ndi rel canonical, imene Google, Yahoo ndi Microsoft anagwirizana kuigwiritsa ntchito mu 2009. Ndi mzere umodzi m'mutu wa HTML umene umanena kuti pa maadiresi onse ofananawa, yeniyeni ndi iyi. Koma Google imautenga ngati langizo, osati lamulo, ndipo uthenga umene mwaonawo ukutanthauza kuti yakana langizo lanu. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pamene zizindikiro zikutsutsana: canonical ikuloza adiresi ina, malinki a m'sitolo akuloza ina, ndipo sitemap, fayilo yondandalika maadiresi a webusayiti, ili ndi ina yachitatu, kapena webusayiti ikutseguka ndi www komanso popanda www, pa http komanso pa https. Sankhani kalembedwe kamodzi, enawo muwatumize kumeneko ndi 301 (uthenga woti adiresi yasamukiratu), ndipo malinki onse a m'kati aziloza adiresi yosankhidwayo.

Pali msampha umodzi umene anthu ambiri amagweramo. Amaletsa maadiresiwo mu robots.txt, fayilo youza Googlebot kumene isalowe, kenako n'kuikanso noindex pa masamba omwewo. Googlebot ikaletsedwa kulowa pa tsamba, singaone noindex kapena canonical imene ili m'katimo, ndiye adiresiyo imatha kukhalabe m'kalozera yopanda mafotokozedwe. Ngati mukufuna kuti tsamba lichoke m'kalozera, lolani kuti liwerengedwe kaye. Kale mu Search Console munali chida chouzira Google mmene ingachitire ndi maadiresi otere, koma anachichotsa mu 2022, choncho zonse ziyenera kukonzedwa pa webusayiti penipeni.

Fulu_Masipeya
Nanga nsapato imodzi ya mitundu isanu, ikhale ndi tsamba limodzi kapena masamba asanu? Ine ndimakonda tsamba lililonse palokha, chifukwa mwayi wotuluka umachuluka.

Nkhwazi_ya_Seva
Pa masipeya mukhoza kukhala olondola, chifukwa nambala iliyonse ndi chinthu chosiyana chimene munthu amachisaka pachokha. Pa nsapato, masamba asanu osiyana mawu amodzi okha amangolimbirana malo, ndipo malinki ndi ndemanga zimagawanika m'malo mosonkhana pamodzi. Ine ndingasunge tsamba limodzi lokhala ndi posankhira mtundu ndi saizi, pokhapokha Search Console itaonetsa kuti anthu akusakadi mtundu wina pawokha. Mu 2024 Google inayamba kuvomereza ProductGroup, imene imalola kufotokoza mitundu ndi masaizi onse a chinthu chimodzi mu structured data (mfundo za katundu zolembedwera makina) popanda kukakamiza munthu kupanga masamba ambiri.

Nalimata_Wakhoma
Pepani kulowerera, koma funso langa likugwirizana ndi nkhaniyi. Amene anandimangira sitolo anakonza zoti katundu akatha, tsamba lake lizizimiririka lokha. Katunduyo akabweranso ndimapeza kuti tsamba limene linkatuluka bwino lasowa pa Google, ndipo limatenga nthawi kuti libwerere pamene linali. Kodi pali njira ina?

Kadzidzi_Usiku
Ilipo, a Nalimata, ndipo makonzedwe amenewo asinthidwe msanga. Katundu akatha kwa kanthawi, tsamba likhalepo, lilembedwe momveka kuti watha, ndipo mu structured data availability isinthe kukhala OutOfStock. Ikanipo malo oti wogula asiye imelo yake kuti mudzamudziwitse katundu akafika, ndi katundu wina wofanana naye m'munsimu. Tsamba likamazimiririka n'kubweranso, Google imalichotsa m'kalozera ikapeza 404, uthenga woti tsamba silikupezeka, ndipo kulibwezeretsa kumadikira kuti Googlebot idzafikenso.

Gologolo77
Ngati katunduyo sadzabweranso, ingotumizani adiresi yake ku tsamba loyamba la sitolo ndi 301. Mukatero simutaya mphamvu ya malinki.

Kadzidzi_Usiku
Pamenepo ndikutsutsani, a Gologolo. Google imaona kutumiza masamba ambiri osagwirizana ku tsamba loyamba ngati soft 404, kutanthauza kuti imawatenga ngati masamba osapezeka, ndiye mphamvu imene mukufuna kusungayo simuisunga, ndipo wogula amene amafuna tochi inayake amadzipeza ali pakhomo pa sitolo osadziwa chimene chachitika. Ngati pali modelo yatsopano yolowa m'malo mwa yakaleyo, 301 ipite kumeneko. Ngati palibe chofanana nacho, lolani adiresiyo ibweze 404 kapena 410, muichotse mu sitemap ndi m'malinki a m'kati. Masamba a 404 a katundu amene anathadi sawononga masamba ena a webusayiti.

Gologolo77
Ndamva. Koma gulu la katundu woyandikana naye, monga gulu la matochi, ndikuganiza kuti likhoza kulandira 301 popanda vuto ngati tsamba lakalelo linali ndi malinki abwino ochokera kunja.

Kadzidzi_Usiku
Pa gulu logwirizana kwenikweni ndi katunduyo, sindikukana.

Mpheta_wa_Malonda
Mwatchula structured data kawiri konse. Kodi ndi imene imachititsa kuti masitolo ena azioneka ndi nyenyezi ndi mtengo pansi pa mutu? Ndipo kodi imakweza tsamba?

Nkhwazi_ya_Seva
Ndi yomweyo. Ndi mfundo za katundu zolembedwa m'kalembedwe kamene makina amamva mosavuta, pogwiritsa ntchito mawu a schema.org, amene Google, Bing ndi Yahoo anayambitsa limodzi mu 2011. Google imalimbikitsa kuzilemba mu JSON-LD. Pa tsamba la katundu mumafunika Product yokhala ndi dzina, chithunzi, wopanga, ndi Offer yonena mtengo, mtundu wa ndalama ndi kupezeka kwa katunduyo. WooCommerce imatulutsa yokha zina mwa zimenezi, koma yesani tsamba lanu pa Rich Results Test muone zimene zikusowa. Payokha siikankhira tsamba m'mwamba, koma imapatsa tsambalo mwayi wooneka ndi mtengo, nyenyezi ndi mawu oti katundu alipo, ndipo zimenezo zimakopa maso a wogula kuposa mzere wopanda kanthu. Chimene ambiri amasiya ndi GTIN, nambala imene ili pansi pa barcode, ya manambala 13 pa EAN kapena 12 pa UPC, imene imaperekedwa kudzera ku bungwe la GS1. Nambala imeneyi ndi imene imathandiza Google kuzindikira kuti chikwama chanu ndi chomwecho chimene ena akugulitsa. Ilembeni monga ilili pa katoni, ndipo katundu wopanda nambalayo musamupekere. Onaninso Google Merchant Center, chifukwa kuyambira 2020 Google imalola ogulitsa kuonetsa katundu kwaulere, ngakhale kuti malo amene amaonekera amasiyana malinga ndi dziko. Kumeneko amakana katundu ngati mtengo umene mwawatumizira ukusiyana ndi umene uli pa tsamba, ndiye mukasintha mtengo onetsetsani kuti wasintha paliponse.

Chiwala_Chofiira
Nyenyezi zimenezo ndi zimene zimandipweteka mtima. Sitolo yatsopano ilibe ndemanga, ndiye anthu sadina, ndipo popanda ogula ndemanga sizibwera. Ndikudziwa anthu amene analemba okha ndemanga zoyambirira.

Njuchi_Yolemba
Kumeneko n'kunamiza ogula, a Chiwala, ndipo ndikupemphani kuti musatengeko chitsanzo. Malamulo a Google amafuna kuti nyenyezi zichokere kwa ogula enieni ndipo ndemangazo zizioneka pa tsamba lomwelo, ndipo wopezeka akuchita chinyengo amalandidwa mwayi wooneka ndi nyenyezi. Njira yachilungamo ndi yochedwa koma imagwira ntchito: katundu akafika kwa wogula, dikirani kuti amugwiritse ntchito, kenako mutumizireni uthenga wachidule wopempha maganizo ake, ndi funso lachindunji, monga ngati saizi inamukwana. Ndemanga ya nyenyezi zitatu yonena kuti nsapato ndi yolimba koma yothina kutsogolo imathandiza wogula wotsatira kusankha bwino, ndipo imabweretsa pa tsamba mawu enieni amene anthu amalemba posaka. Musaichotse.

Tsekwe_Pafoni
Nonse mukukamba za mawu, koma ndatsegula masitolo ambiri ang'onoang'ono pa foni ndipo chimene chimandithamangitsa ndi kuchedwa. Google imawerenga tsamba monga mmene limaonekera pa foni, ntchito imene inayamba kuifalitsa mu 2018, choncho zimene mwabisa kapena kuchotsa pa foni zili ngati kulibe. Miyeso yake ya liwiro, yotchedwa Core Web Vitals, ilipo itatu. LCP ndi nthawi imene chinthu chachikulu cha pa tsamba chimatenga kuti chioneke, ndipo iyenera kusapitirira masekondi 2.5. INP, imene inalowa m'malo mwa FID mu March 2024, imayeza kufulumira kwa tsamba poyankha munthu akadina, ndipo malire ake ndi mamilisekondi 200. CLS imayeza kusuntha kwa zinthu tsamba likamatseguka, ndipo iyenera kusapitirira 0.1. Pa tsamba la katundu, chinthu chachikulu nthawi zambiri ndi chithunzi. Anthu amachitenga mu kamera n'kuchiika chomwecho, cholemera mamegabayiti angapo, pamene chikanachepetsedwa kukula ndi kusungidwa mu WebP, mtundu wa fayilo ya zithunzi yopepuka. Chithunzi choyambacho musachiike pa lazy loading (kuchedwetsa chithunzi mpaka munthu atatsikira pamene chili), zimenezo n'zoyenera zithunzi za m'munsi. Lembaninso m'lifupi ndi m'litali mwa chithunzi chilichonse mu HTML, kuti batani logulira lisathawe pamene chala cha wogula chikutsika. Pa alt text fotokozani chimene chili pa chithunzi m'chiganizo chachifupi, chifukwa imathandiza osaona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga, komanso kusaka kwa zithunzi.

Fulu_Masipeya
Liwiro ndi lofunika kwa ogula, sindikukana, koma anthu amalikokomeza pa nkhani ya kukwera. Ndaona eni masitolo akuthera masabata kuthamangitsa 100 pa PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro, pamene masamba awo sali n'komwe m'kalozera. Tsamba lofulumira lopanda chonena silipambana tsamba lochedwerapo limene layankha funso la munthu.

Tsekwe_Pafoni
Sindinati afune 100. Ndati achepetse zithunzi, ntchito imene siitenga nthawi yaitali ndipo imapindulitsa ngakhale Google ikanakhala kulibe.

Chiwala_Chofiira
Koma kunena zoona, kodi zonsezi zikadali ndi phindu? Chiyambire 2024 Google imaika mayankho olembedwa ndi makina otchedwa AI Overviews pamwamba pa zotsatira, ndipo achinyamata ambiri amaona katundu pa TikTok ndi Instagram. Mwina mphamvu zathu tingoziika kumeneko.

Kadzidzi_Usiku
Amene waona chikwama pa kanema n'kuchikonda, nthawi zambiri amalembabe dzina lake posaka kuti ayerekeze mitengo ndi kuona amene ali nacho, ndipo pa nthawi imeneyo ndi pamene ali wokonzeka kulipira. Mayankho a makinawo nawonso amatenga mfundo zawo pa masamba amene ali m'kalozera. Kugulitsa pa masamba a mchezo n'kwabwino, koma kumeneko mumakhala ngati wochita lendi m'nyumba ya eni ake, amene angasinthe malamulo tsiku lililonse. Tibwerere ku vuto la a Mpheta, chifukwa pali mbali imodzi imene sitinaikhudze.

Nkhwazi_ya_Seva
Ndikuganiza kuti mukunena za malinki a m'kati. Googlebot imapeza masamba potsatira malinki enieni a HTML, ndipo siidina mabatani. Ngati gulu la katundu likuonetsa zinthu zochepa zoyambirira, zinazo n'kumabwera munthu akadina batani loonetsa zambiri lopanda adiresi kumbuyo kwake, katundu wa m'munsiyo akhoza kukhala wopanda linki iliyonse yomulozera. Tsamba lachiwiri ndi lachitatu la gulu likhale ndi adiresi yakeyake, ndipo canonical yake isaloze ku tsamba loyamba. Katundu wofunika asakhale kutali ndi tsamba loyamba la sitolo, ndipo pa tsamba lililonse pakhale malinki a katundu wogwirizana naye ndi kanjira koonetsa gulu limene katunduyo ali. Masamba a magulu enieniwo musawanyoze, chifukwa munthu wosaka nsapato zoyendera m'mapiri popanda kutchula modelo amafuna kuona zosankha zingapo, ndipo Google imakonda kumuonetsa gulu osati chinthu chimodzi. Lembani pa gululo ndime yachidule yothandiza kusankha. Sitemap muitumize mu Search Console, ikhale ndi maadiresi osankhidwa okhaokha amene akutseguka bwino. Fayilo imodzi imalola maadiresi 50,000 kapena 50 MB, ndipo Google siwerengera priority ndi changefreq, koma imagwiritsa ntchito lastmod, tsiku limene tsamba linasinthidwa komaliza, ngati ikunena zoona nthawi zonse.

Mpheta_wa_Malonda
Ndathokoza nonse, ndipo kampani ya malinki ija ndaiyankha kuti sindikufuna. Ndayamba kuyeza zikwama ndi kulembanso mitu. Funso lina ndi ili: maadiresi a katundu wanga ndi aatali ndipo ena ali ndi manambala opanda tanthauzo. Kodi ndiwasinthe onse tsopano kuti akhale ndi mayina a katundu, popeza ndili kale pa ntchito yokonza?

Nkhwazi_ya_Seva
Masamba amene ali kale m'kalozera ndipo akubweretsa anthu musawakhudze, chifukwa phindu la adiresi yooneka bwino ndi lochepa poyerekeza ndi chisokonezo cha kusamuka. Katundu watsopano mupatseni adiresi yaifupi yomveka kuyambira pachiyambi. Ngati pali amene mukuona kuti muyenera kusintha, adiresi yakale iliyonse ipite ndi 301 ku yatsopano yake mwachindunji, popanda kudutsa pa ina pakati, ndipo Google imalangiza kusunga 301 zoterezi kwa chaka chimodzi kapena kupitirira. Musasinthenso zinthu zonse tsiku limodzi. Lembani tsiku limene mwakonza gulu lililonse la masamba, kuti mukadzayang'ana lipoti la Performance, limene limasunga mbiri ya miyezi 16, mudzathe kuona chimene chinathandiza. Choyamba kusuntha chimakhala chiwerengero cha maulendo amene tsamba laonetsedwa, kudina kumatsatira pambuyo, ndipo zimatha kutenga masabata angapo.

Nalimata_Wakhoma
A Nkhwazi, pa masamba anga amene anazimiririka aja, kodi ndikawabwezeretsa ndigwiritse ntchito Request Indexing, batani la mu Search Console lopempha Google kuti iwerengenso tsamba, pa lililonse?

Nkhwazi_ya_Seva
Abwezereni pa maadiresi awo akale enieni, osati atsopano. Request Indexing ili ndi malire a maadiresi amene mungatumize pa tsiku, ndiye igwiritseni ntchito pa katundu wofunika kwambiri, ndipo enawo muwaike mu sitemap ndi lastmod ya tsiku limene mwawabwezeretsa.